Tisananyoze khoti, tifunse kaye komwe mpeni unachokera

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata imene munasindikiza posachedwapa, ya mnzathu wina amene anapsa mtima kuti munthu wopha mnzake wapezeka wolakwa pa mlandu wopha mwangozi m'malo mwa wopha mwadala. Iye anati munthu akafa wafa basi, palibe kufa kwa theka, choncho kusiyanitsa milandu iwiriyi ndi njira chabe yopulumutsira zigawenga. Ukali wakewo ndikuumva ndipo sindikuupeputsa. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'khoti mpaka kupuma, ndipo ndaonapo amayi akutuluka m'khoti manja ali kumutu, chifukwa amene anawaphera mwana wapatsidwa zaka zowerengeka. Koma vuto silili pamene mnzathuyu waloza. Kusiyanitsako n'kofunika. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti umboni wosonyeza zimene wakuphayo ankafuna umatayika tsiku lomwelo, khoti lisanamve n'komwe za nkhaniyo, ndipo ambiri amene amautaya ndife tomwe, anthu amene tinalipo.

Pa mlandu wakupha khoti limafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi ndi munthu uyu amene anachititsa imfayi? Limeneli nthawi zambiri silivuta, chifukwa anthu anaona, ndipo mwini wake amavomera kuti anamenyadi. Lachiwiri ndi limene limachedwetsa mlandu: pamene dzanja lake linkatsika, ankafuna chiyani? Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo woweruza alibe bwato lowolokera kumeneko. Woweruza wina wa ku England m'zaka za m'ma 1400 anafika ponena kuti maganizo a munthu sangazengedwe mlandu, popeza ngakhale mdierekezi sawadziwa. Koma mu 1885 woweruza wina wa komweko, Lord Justice Bowen, ananena zosiyana: zimene munthu akuganiza ndi chinthu chenicheni, chimodzimodzi ndi mmene m'mimba mwake mukugwirira ntchito. N'zovuta kuzitsimikiza, koma zikatsimikizika zimaima ngati chinthu china chilichonse. Makhoti a masiku ano amatsata maganizo achiwiriwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti kupha mwadala ndi kwa munthu amene anagona usiku akukonza chiwembu, n'kunola mpeni. Ayi. Cholinga chikhoza kubadwa pomwepo, mpweya umodzi dzanja lisanatsike, ndipo chimakwanira. Komanso m'maiko amene anatengera malamulo a ku England sipafunika kuti munthu akhale atafuna imfa yeniyeniyo. Akafuna kuvulaza mnzake kwambiri, mnzakeyo n'kufa, ndi kupha mwadala. Khoti la apilo la ku England linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa Vickers mu 1957, wa mbava imene inamenya mayi wokalamba itathyola shopu yake. Ndiye mawu aja timawamva kawirikawiri m'bokosi la wozengedwa, akuti "ndimangofuna kumuthyola mwendo kuti aphunzire", sapulumutsa munthu. Amam'mangirira.

Chodabwitsa n'chakuti ngati womenyedwayo sanafe, boma limakhala ndi ntchito yokulirapo likafuna mlandu wofuna kupha. Pamenepo cholinga chovulaza kwambiri sichikwanira, pamafunika cholinga chopha chenicheni. Lamuloli linamveka bwino mu 1951 pa mlandu wa Whybrow, bambo amene analumikiza waya wa magetsi ku choikira sopo cha m'bafa kuti mkazi wake agwidwe nyesi posamba. N'chifukwa chake mumamva munthu amene anakhapa mnzake ndi chikwanje akuzengedwa mlandu wovulaza kwambiri osati wofuna kupha, inu n'kudabwa. Ndi nkhani yomweyi ya cholinga.

Tisayese kuti zimenezi ndi nzeru za maloya a dzulodzuloli. Wowerenga Baibulo atsegule Deuteronomo 19. Mukupezeka munthu amene wapita kunkhalango ndi mnzake kukatema mitengo, nkhwangwa n'kuguluka mumpini n'kukantha mnzakeyo. Ameneyo amaloledwa kuthawira ku mudzi wopulumukirako, chifukwa sankamuda kale. Pa Numeri 35 pali mafunso amene ine ndinkawamva m'khoti pafupifupi sabata iliyonse. Anamukantha ndi chiyani, chitsulo, mwala, kapena mtengo woti n'kupha munthu? Panali udani kale? Anamulalira panjira, kapena anangomukankha mwadzidzidzi? Anaponya mwala akumuona kapena asakumuona? Chaputala chomwecho chimaletsa kupha munthu pa umboni wa mboni imodzi yokha. Anthu akalewo ankadziwa kuti wachibale wa womwalirayo mtima wake uli moto, ndipo ankamanga midzi isanu ndi umodzi kuti mlandu uyambe wamveka kaye.

Tsono ndani amene ayenera kusonyeza cholingacho? Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira. Mu December 1934, mnyamata wa zaka 21 wogwira ntchito pafamu ku England, Reginald Woolmington, anapita kunyumba ya apongozi ake komwe mkazi wake Violet, wa zaka 17, anathawira. Anatenga mfuti, anaifupikitsa poidula ndi sowo, n'kuibisa m'kati mwa jekete. Mfuti inalira, Violet anafa. Iye anati ankangofuna kumuopseza kuti adzipha yekha ngati sabwerera kunyumba, ndipo mfutiyo inaomba mwangozi poitulutsa. Woweruza anauza gulu la anthu wamba logamula mlanduwo kuti, popeza zaoneka kuti anapha, tsopano ndi udindo wa mnyamatayo kutsimikiza kuti inali ngozi. Anamupeza wolakwa, n'kulamulidwa kuti aphedwe. Mu 1935 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo pa nthawiyo, la House of Lords, linafafaniza chigamulocho. Mmodzi wa oweruza, Viscount Sankey, anati m'malamulo onse a milandu muli ulusi umodzi wa golide, wakuti ndi udindo wa boma kutsimikiza kulakwa kwa wozengedwa, ndipo pakatsala chikaiko chomveka, munthuyo amasulidwe.

Ine ndikamawerenga nkhaniyi sindikhulupirira mnyamatayo. Munthu wongofuna kuopseza alibe chifukwa chodulira mfuti kuti ibisike. Umboni unalipo, ndipo ndikuona kuti ukanatha kuima pawokha. Chinagwetsa mlandu ndi njira yachidule imene woweruza anadzera, yosenzetsa wozengedwa katundu wa boma. Ndipo ndimagwirizana ndi a House of Lords. Mukalola lero kuti aliyense amene dzanja lake lapha azitsimikiza yekha kuti sanafune, mawa lamulo lomwelo likagwera dalaivala amene mwana wathamangira pamsewu, kapena mayi amene wakankha mwamuna wom'menya. Anthu oterewa alibe mboni ya mumtima mwawo, ndipo ambiri alibe ndi loya yemwe.

Nanga boma limatsimikiza bwanji? Osati ndi zimene wozengedwa wanena. Pafupifupi aliyense amene ndinamuona m'bokosimo ankati sanafune. Khoti limawerenga zinthu zing'onozing'ono. Pepala limene ndinkaona oweruza akuliwerenga kawiri katatu ndi lipoti la dokotala wopima mtembo. Bala lili pati, pamwendo kapena pakhosi? Ndi limodzi kapena ambiri? Lalowa mozama bwanji, ndipo lalowera kuti? Mabala a m'zikhatho ndi pamikono amanena kuti womwalirayo ankatchinga, mnzake osaleka. Mabala akumsana amanena kuti ankathawa. Chigaza chosweka kunkhongo, pamene kumaso kuli kutupa kumodzi kokha, chimanena nkhani ina: chibakera chimodzi, munthu n'kugwa chagada pa simenti. Maliro ake ndi amodzimodzi, koma womenya chibakera chimodzi ndi wobaya kasanu sanafune zofanana.

Mlandu wina sindiuiwala. Amuna awiri anakangana pamalo omwera mowa, anthu n'kuwaleretsa, mmodzi n'kuchoka. Patapita nthawi anabwerera, ndipo mnzakeyo anafa ndi bala limodzi pansi pa nthiti za kumanzere. Wozengedwayo anati inali ndewu, mpeni anangoutola pansi m'chipwirikiti. Bala limodzi lokha likanatha kugwirizana ndi nkhani yakeyo. Mboni ina inali mnyamata wamanyazi, wolankhula motsitsa moti woweruza ankachita kumuuza kuti akweze mawu. Woimira boma anamufunsa kuti, "Pamene ankachoka, m'manja mwake munali chiyani?" Iye anati, "Munalibe kanthu, bwana." "Nanga pobwera?" Mnyamatayo anaika dzanja lake lamanja m'kati mwa malaya, n'kuima choncho osalankhula. Kenako anati, "Analowa chonchi, ndipo sanapatse aliyense moni." Mboni ina inafotokoza kutalika kwa mtunda wopita kunyumba kwa wozengedwayo, ndipo mkazi wake yemwe anali atauza ofufuza kuti mpeniwo unali wa kukhitchini kwawo. Ulendo wopita ndi wobwererawo ndiwo unagamula mlandu. Munthu anali ndi nthawi yoti mtima uzizire, koma anasankha kukatenga chida. Anapezeka wolakwa pa kupha mwadala, ndipo palibe anatsegula mtima wake. Linali dzanja la mnyamata uja m'malaya.

Koma ndinanyamulaponso mafaelo ena opyapyala, oti ukawagwira umadziwiratu mathero ake. Mboni zisanu, zonse zikunena chimodzimodzi: "Tinangomva phokoso, pofika tinapeza atagwa." Ena mwa iwo anaona zonse, koma akuopa kudana ndi banja la wozengedwa, kapena atopa ndi maulendo a kukhoti. Chibonga chimene anamenyera, anthu okwiya anachiponya pamoto. Mtembo unaikidwa m'manda msanga osapimidwa, chifukwa achibale sanafune kuti mwana wawo ang'ambidwe, ndipo zimenezo ndimazimvetsa. Woganiziridwayo gulu linam'menya mpaka kuvomera chilichonse, moti zimene anavomerazo khoti silikanazikhulupirira, chifukwa mawu otulutsidwa ndi chikwapu si umboni wodalirika. Woimira boma akaona faelo yotere, wozengedwa n'kunena kuti avomera mlandu wopha mwangozi, amalandira, poopa kutaya zonse. Achibale amatuluka akunena kuti ndalama zayenda. Sindikunena kuti ziphuphu kulibe padziko. Koma pa milandu yambiri yotere imene ine ndinaiona, panalibe chifukwa chogulira munthu. Mlandu unali utafa kale tsiku limene chibonga chinapsa.

Pali gulu lina la milandu lovuta kwambiri, limene ngakhale umboni utakwanira oweruza amakanda mitu. Ndi la anthu amene sankalakalaka imfa ya munthu, koma anachita chinthu choti n'kupha. Mu 1960 a House of Lords anaweruza mlandu wa Smith, amene anali ndi katundu wakuba m'galimoto, wapolisi n'kumuimitsa. Iye anathamangitsa galimoto wapolisiyo atakangamira, mpaka anagwera kutsogolo kwa galimoto ina n'kufa. Khotilo linati chofunika ndi zimene munthu wanzeru zake akanaoneratu, osati zimene Smith mwini anaganiza. Akatswiri a malamulo anadzudzula kwambiri chigamulochi, ndipo mu 1967 nyumba ya malamulo inakonza: khoti liziyang'ana umboni wonse kuti lipeze zimene munthu ameneyu anafuna kapena kuoneratu. Kusinthaku kunali koyenera. Mlandu waukulu kwambiri m'malamulo usamagwere munthu chifukwa choti ndi wopusa kapena wamantha. Kupusa kopha munthu kuli ndi mlandu wakewake, womwe ndi kupha mwangozi uja.

Kenako panabwera mlandu wa Moloney, umene unagamulidwa mu 1985. Anali msilikali, ndipo usiku wina pambuyo pa phwando la banja anatsala akumwa ndi bambo ake omupeza, amene ankagwirizana nawo bwino. Anayamba kupikisana kuti aone wofulumira kuika zipolopolo mumfuti. Mnyamatayo anapambana, bamboyo n'kumuderera kuti alibe mtima wokoka chowombera. Anakoka, ndipo bamboyo anafera pomwepo. Khoti loyamba linati ndi kupha mwadala, a House of Lords n'kutsitsa kukhala kupha mwangozi, chifukwa gulu logamula silinalangizidwe bwino pa kusiyana kwa kuoneratu chinthu ndi kuchifuna. Chaka chotsatira, mu 1986, anaweruza wa Hancock ndi Shankland, ogwira ntchito mumgodi wa malasha ku Wales amene pa sitiraka ya mu 1984 anagwetsa chimulu cha konkire cholemera makilogalamu oposa 20 kuchokera pamlatho. Pansi pankadutsa takisi yonyamula mnzawo amene ankapitabe kuntchito, ndipo dalaivala wake, David Wilkie, anafa. Iwo anati ankangofuna kutseka msewu ndi kuopseza. Nawonso mlandu unatsika kukhala wopha mwangozi. Koma mmodzi wa oweruza, Lord Scarman, ananena mfundo imene ndimaiona kuti ndi yanzeru za tsiku ndi tsiku: chinthu chikakhala chodziwikiratu kuti chichitika, mpata umakula woti munthuyo anachioneratu, ndipo ngati anachioneratu, mpata umakula woti anachifuna.

Wowawa kwambiri ndi wa Woollin, wa mu 1998. Bambo anapsa mtima mwana wake wa miyezi itatu atatsamwa ndi chakudya, n'kumuponya, mwana n'kusweka chigaza. Woweruza woyamba anauza gulu logamula kuti n'kokwanira ngati bamboyo anadziwa kuti pali chiopsezo chachikulu. A House of Lords anati ayi, muyezo umenewo ukusokoneza malire a kupha mwadala ndi kusasamala. Pamene munthu sankalakalaka imfa kapena kuvulaza kwambiri, cholinga chingapezeke pokhapokha ngati zotsatirazo zinali zosapeweka ndithu, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Anatsitsa mlandu. Ndine kholo, ndipo chigamulochi chimandivuta kumeza. Munthu wamkulu woponya khanda sangauze anthu kuti sankadziwa kuti khanda ndi losalimba.

N'chifukwa chake mtima wanga umapendekera ku njira imene maiko ena anatsata. Malamulo olembedwa a maiko angapo a mu Africa, monga Kenya ndi lathu lomwe, amati munthu akadziwa kuti chimene akuchita mwachidziwikire chipha kapena kuvulaza kwambiri, n'kokwanira, ngakhale atakhala kuti sakulabadira, ngakhalenso atamalakalaka mumtima kuti imfa isachitike. Ku South Africa amapita patsogolo pang'ono: munthu akaoneratu kuti imfa ikhoza kuchitika, n'kuvomereza mumtima kuti zikhale momwemo, n'kupitiriza, wapha mwadala. Ambiri a ife tinatsatira mlandu wa Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa dzikolo. Pa 14 February 2013, kunyumba kwake ku Pretoria, anaombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi, m'kati muli chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa ndi mbava. Mu 2014 Jaji Thokozile Masipa anamupeza wolakwa pa kupha mosasamala ndipo anam'patsa zaka zisanu. Mu December 2015 khoti lalikulu la apilo linasintha kukhala kupha mwadala. Linati zilibe kanthu kuti ankaganiza kuti kuseri kwa chitseko kuli ndani. Ankadziwa kuti kuli munthu, kachipindako kanali kakang'ono kopanda pothawira, mfuti inali yamphamvu, iye ankazidziwa bwino mfuti, ndipo anaomba kanayi. Mu 2017 chilango chinakwera kufika zaka 13 ndi miyezi isanu. Taonani kuti khoti la apilo silinapeze mboni yatsopano, ndipo Pistorius sanavomere kuti ankafuna kupha. Linawerenga kukula kwa chipinda, mtundu wa zipolopolo ndi kuchuluka kwa kuombera.

Makhoti samangotsitsa milandu ayi. Ku Basutoland, komwe lero ndi Lesotho, anthu ena anakonza zopha munthu, anam'menya m'mutu, ndipo poyesa kuti wafa anamugubuduzira kuphompho kuti zioneke ngati ngozi. Dokotala anapeza kuti chinamupha ndi kuzizira kwa kunja komwe anam'taya, osati kumenyedwako. Pa apilo ananena kuti pomenya anali ndi cholinga koma munthu sanafe, ndipo pom'taya munthu anafa koma iwo analibenso cholinga, popeza ankayesa ndi mtembo. Mu 1954, pa mlandu umenewu wa Thabo Meli, khoti la Privy Council, la ku England lomwe linkamva apilo yochokera ku maiko olamulidwa ndi Britain, linakana kudula nkhaniyo pakati. Linati chiwembu chinali chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Za mowa ndi za kuputidwa ndinene mwachidule, chifukwa anthu amaziyesa zitseko zotseguka pamene n'zopapatiza. Kuledzera si chowiringula. Cholinga cha munthu woledzera chimakhalabe cholinga, ndipo amene waledzera koma n'kukwanitsa kupita kwawo, kutsegula kabati, kusankha mpeni ndi kubwerera kwa munthu yemwe uja, waonetsa yekha kuti mutu unkagwira. Pokhapokha ngati mowa unam'fikitsa poti sanathe kukhala ndi cholingacho m'pamene mlandu ungatsike, ndipo samasulidwa, amagwera pa kupha mwangozi. Kuputidwa nako kumafuna kuti zikhale zadzidzidzi, zoti munthu wamba akanataya mtima, ndiponso kuti achite mtima usanazizire. Chidani cha chaka chatha si kuputidwa. M'malo mwake ndi umboni wa mbali ya boma.

Komanso tisamanene ngati wopezeka ndi mlandu wopha mwangozi wapita kwawo. M'maiko ambiri chilango chake chachikulu ndi moyo wonse kundende. Woweruza amapatsidwa mpata woyeza, chifukwa pansi pa dzina limodzili pali anthu osiyana kwambiri, kuyambira wokankha mnzake pa mkangano mpaka wogwetsa konkire pamlatho. Ngati chilango chachepa, dandaulo lathu likhale pa chilangocho, ndipo nthawi zina dandaulolo limakhala loona. Koma tikati tifafanize kusiyanitsa, ndiye kuti mnyamata wa chibakera chimodzi alandire zofanana ndi wothira poizoni m'kapu ya mnzake. Chilango cha kupha mwadala chimatha kukhala moyo wonse kundende, ndipo m'maiko ena ndi chingwe. Woolmington anali atalamulidwa kale kuti anyongedwe pamene apilo yake inkamveka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikugwirizana nacho kwathunthu ndi mnzathu wolemba kalata uja, ngakhale sanachitchule mwachindunji. Achibale a womwalira amasiyidwa mumdima. Amabwera kukhoti atavala zakuda, n'kukhala kumbuyo, maloya n'kunong'onezana kutsogolo, ndipo pasanathe ola limodzi akumva kuti zatha, wavomera mlandu wocheperapo. Palibe amene wawaitanira pambali. Ndinkawaona akuyang'anana, osadziwa ngati aimirire kapena akhalebe. Woimira boma aliyense, asanalandire kuvomera kotere, ayenera kukhala pansi ndi banjalo n'kuwauza mosabisa kuti umboni wa cholinga ukuperewera apa ndi apa, ndipo tikakakamira mlandu waukulu tikhoza kutaya zonse. Mwina sangakondwe, koma sangapite kwawo akukhulupirira kuti mwana wawo wagulitsidwa.

Kwa owerenga anzanga, tsoka lotere likagwa pamaso panu, gwirani mtima pa zinthu zochepa izi. Chida musachigwire, musachitsuke, musachitaye. Lolani dokotala apime thupi ngakhale zikupweteka, chifukwa mabalawo ndi mawu otsiriza a m'bale wanuyo pa mlandu wake. Woganiziridwayo musam'menye, popeza chibakera chilichonse chimene mwam'patsa chimakathandiza loya wake. Ndipo ofufuza akabwera musangoti "anamupha ndi uyu". Nenani zimene mukuziyesa zazing'ono: anachoka nthawi yanji, anabwera nthawi yanji, chida anachitenga kuti, ananena chiyani asanamenye, anamenyanso munthu atagwa kale kapena analeka, anathawa kapena ananyamula mnzakeyo kuthamangira naye kuchipatala. Ngati munamvapo akuopseza sabata yathayo, kapena muli ndi uthenga wa pafoni, nenani tsiku lomwelo mutu usanasokonezeke ndi zokamba za pamaliro. Izi zimateteza mbali zonse ziwiri. Mboni yonena kuti womenyayo anagwada n'kuyamba kulira akuitana galimoto imathandizanso khoti kuona zoona.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi lakuti atolankhani anu akamalemba za chigamulo cha mlandu wakupha, asamathere pa dzina la mlandu ndi kuchuluka kwa zaka. Woweruza amawerenga zifukwa zake poyera, nthawi zina kwa ola lathunthu, ndipo m'menemo ndi momwe muli nkhani: bala linali pati, mboni iti inakhulupiriridwa, ndi umboni uti umene unasowa. Tipatseni ndime ziwiri kapena zitatu za zifukwazo. Ngati mlandu unatsika chifukwa thupi silinapimidwe, kapena chifukwa mboni zinakana kubwera, lembani choncho, ndipo mutiuzenso ngati achibale a womwalirayo anafotokozeredwa boma lisanavomere.

Ine wanu,
Kalaliki wa khoti wopuma pa ntchito